Dragon Age: muyambe ndi gemu yatsopano kapena mubwerere kumene nkhani inayambira?

Mng'ono wanga anafika kwathu ku Chitakale mwezi wa Juni, chiperoni chitakuta phiri lonse moti ngakhale minda ya tiyi ya tsidya la msewu sinkaoneka. Anali atangolandira laputopu yogwirapo kale ntchito kuchokera kwa amalume athu a ku Joni, ndipo m'foni mwake munali kavidiyo ka Dragon Age: The Veilguard kamene anakhala akukaonera m'minibasi kuchokera ku Luchenza. Asanavule ndi jekete yomwe anandionetsa kavidiyoko.

"Achimwene, ndikufuna imeneyi. Zakale zija n'zachiyaninso poti yatsopano yatuluka?"

Ndinamumvetsa. Ambirife magemu tinawadziwira pa mpira, m'timashopu ta PlayStation momwe umalipira kuti umenyane ndi mnzako gemu imodzi. Kumeneko ya chaka chino ndiyo yabwino, chifukwa osewera ali m'matimu awo enieni, ndipo ya chaka chatha palibe woifuna. Koma magemu a nthano, amene amatchedwa RPG, sayenda choncho. Umapanga munthu wakowako, n'kumusankhira mtundu, nkhope ndi ntchito, kaya wankhondo, kaya wamatsenga, kaya woyenda mwakachetechete ndi uta ndi mipeni. Umapeza anzako oyenda nawo, umacheza nawo, ena umakangana nawo, ndipo zimene wasankha lero zimadzakupeza kutsogolo. Gemu imodzi imatha kukudyera maola 50 kapena kuposa. Choncho kusankha poyambira si nkhani yaing'ono, makamaka kwa ife amene bandulo, magetsi ndi makina timachita kuwerengera.

Magemu a Dragon Age alipo anayi, onse opangidwa ndi kampani ya BioWare ya ku Edmonton, ku Canada. Yoyamba, Origins, inatuluka mu 2009. Dragon Age II inatsatira mu 2011, Inquisition mu 2014, kenako kunakhala zii kwa zaka 10 mpaka Veilguard inatuluka pa 31 Okutobala 2024. Onsewa amachitikira m'dziko limodzi lopeka lotchedwa Thedas, ndipo ngakhale munthu amene umamusewera amasintha pa gemu iliyonse, nkhani yaikulu ndi imodzi ndipo imangopitirira. Mng'ono wanga ndinamuuza kuti asayambe ndi yatsopano. Koma njira iliyonse ili ndi ubwino wake, ndipo si aliyense amene ali ndi laputopu ngati yake kapena nthawi ngati yake.

Kuyamba ndi Veilguard

Ndinaisewera kwa mlamu wanga ku Limbe, amene ali ndi PS5, ndipo sindinganame kuti ndi yoipa. Ndi yokongola kwambiri. Mzinda wa Minrathous usiku, nyumba za ku Treviso, nkhalango ya Arlathan, zonsezi ukaziona pa TV yaikulu umaiwala kuti nsima yapsa. Kumenyana kwake n'kofulumira ndiponso kosavuta kuphunzira: umazemba, umatchinga, umamenya, ndipo anzako awiri amene watenga umangowauza luso loti aponye. Amene anazolowera magemu a ndewu sachedwa kuigwira. Ungathenso kuifewetsa mmene ukufunira, mpaka kuikonza kuti munthu wako asamafe n'komwe, ngati chimene ukufuna ndi nkhani yokha.

BioWare inaipanganso moganizira alendo. Umasewera munthu watsopano wotchedwa Rook. Nkhani anaisamutsira kumpoto kwa Thedas, kumene magemu akale sanafikeko kwenikweni. Mwa anzako 7 oyenda nawo, m'modzi yekha, Harding, ndiye anaonekapo mu Inquisition, ndipo kumeneko sanali mnzako wa paulendo. Pa zonse zimene anthu anasankha m'magemu atatu akale, Veilguard imangokufunsa zinthu zitatu, zonse za mu Inquisition. Choncho wina akakuuzani kuti simungaimvetse popanda zakale, akukokomeza. Mudzaimvetsa.

Vuto lili pakati pa kumvetsa ndi kumva mumtima. Veilguard imayamba Rook ndi Varric, mnzako wa paulendo wa mu Dragon Age II ndi Inquisition, akuthamangira kukaletsa munthu wotchedwa Solas kuti asagwetse Veil, chotchinga chimene chimalekanitsa dziko la anthu ndi dziko la mizimu. Kwa mlendo, Solas ndi dazi lina loopsa limene liyenera kuletsedwa, basi. Kwa amene anasewera Inquisition, Solas ndi munthu amene unayenda naye maola ambirimbiri, wofatsa, wolankhula modekha za maloto ndi mizimu, amene unkapita kukakhala naye m'chipinda chake chojambulidwa zithunzi m'makoma kuti akufotokozere zakale. Ena mpaka anamupanga chibwenzi cha munthu wawo. Chimene iye ali kwenikweni Inquisition imachibisa mpaka kumapeto kwenikweni, pamene Veilguard imachinena poyera m'mphindi zoyambirira ngati nkhani yodziwika kale. Ukayamba ndi yatsopano, kenako n'kubwerera ku Inquisition, chinsinsicho chatha kale ndipo sungachibwezeretse.

Zili ngati kufika pabwalo amfumu akugamula mlandu. Chigamulo uchimva bwinobwino, ndipo wina akhoza kukunong'oneza kuti wolakwa ndi uyo, wolakwiridwa ndi uyo. Koma sudziwa chifukwa chake amayi aja akulira, kapena chifukwa chake bwalo lonse lachita phokoso mkulu wina atangoimirira. Varric nayenso ndi choncho. Pamene akukamba ndi Solas ngati bwenzi lakale, amene anamudziwa kuyambira mu Dragon Age II amamva kulemera kwa mawu aliwonse.

Kenako pali nkhani ya makina, imene kwa ife kuno ndiyo imagamula zambiri. Veilguard imayenda pa PS5, pa Xbox Series X ndi S, ndi pa kompyuta yamphamvu. Pa PS4 palibe. Pa kompyuta imafuna malo okwana 100 GB, RAM ya 16 GB ndi khadi la zithunzi lapadera, losachepera GTX 970 kapena GTX 1650. Itangotuluka inkagulitsidwa madola 59.99 pa kompyuta ndi 69.99 pa PS5 ndi Xbox. Laputopu ya mng'ono wanga ili ndi RAM ya 4 GB ndipo ilibe khadi la zithunzi. Ngakhale ndikanamuuza kuti ayambe ndi yatsopano, sikanayaka. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Amene njirayi ingamuyenere ndi amene ali kale ndi PS5, amadana ndi magemu ooneka achikale, ndipo akudziwa mumtima mwake kuti sadzabwerera m'mbuyo ngakhale zitavuta bwanji. Ameneyo asewere, asadzizunze. Ndi bwino kusewera imodzi kusiyana ndi kudikira zaka kuti udzayambe mwadongosolo, osayamba n'komwe.

Kubwerera ku Origins

Iyi ndiyo ndinamuikira mng'ono wanga, ndipo ndiyo ndimaikonda kuposa zonse.

Dzina lake likuchokera pa mmene imayambira. Pali chiyambi cha mitundu 6, malingana ndi munthu amene wasankha. Ukhoza kukhala mwana wa banja lolemekezeka la Cousland. Ukhoza kukhala wamatsenga wokulira m'nsanja momwe amatsenga amasungidwa moyang'aniridwa ndi asilikali a chipembedzo. Ukhoza kukhala elf (mtundu wa anthu a makutu osongoka) wa m'dera la osauka mumzinda, kapena elf wa mafuko oyendayenda m'nkhalango otchedwa Dalish. Ukhoza kukhala dwarf wa banja lachifumu, kapena dwarf wopanda mtundu, amene anthu ake omwe samamuwerengera. Ma dwarf amenewa ndi anthu afupiafupi okhala pansi pa mapiri, ndipo mng'ono wanga atangowaona anati, "Akafula awa," pokumbukira nkhani za agogo za anthu afupi a m'phiri la Mulanje amene ankakufunsa kuti wawaonera pati. Chilichonse chimene wasankha, mapeto a chiyambicho ndi amodzi: umalowa gulu la Grey Wardens, limene ntchito yake ndi kulimbana ndi zilombo zotuluka pansi pa nthaka zotchedwa darkspawn, ndi chinjoka chouluka chimene chimazitsogolera. Koma anthu amakulandira mosiyana malingana ndi kumene wachokera, ndipo elf amamva mawu onyoza amene mwana wa Cousland sangawamve.

Ubwino waukulu wa kuyambira pano ndi woti gemuyi inapangidwira anthu osadziwa kanthu, chifukwa mu 2009 aliyense anali mlendo ku Thedas. Zonse amakufotokozera pang'onopang'ono, nthawi yake ikakwana. Umadziwa chifukwa chake amatsenga amaopedwa, umalowa wekha m'dziko la mizimu ndi maloto lotchedwa Fade, umamva mmene ma elf anatayira dziko lawo. Zinthu zimenezi ndizo zimadzakhala mutu wa Inquisition ndi Veilguard. Ife okulira m'tsinde mwa phiri, amene tinamva za mizimu ya ku Sapitwa ndi za Napolo tisanayambe sukulu, nkhani yoti pali dziko lina lobisika pafupi ndi lathu siitivuta kumva.

Chimene chimandigwira mtima ndi zosankha zake. Usiku wina ndinamupeza mng'ono wanga atakhala duu pampando, manja atachotsa pa laputopu. Anali atafika ku Redcliffe, kumene mwana wa mkulu wa deralo wagwidwa ndi chiwanda ndipo anthu a m'mudzi akufa chifukwa cha zimenezo. Gemu inali itamupatsa njira zingapo, ndipo iliyonse inkaoneka kuti ili ndi wina woti alipire. Mayi wa mwanayo anali chiimire pa sikirini, akudikira yankho. Tiyi amene mlamu wake anamuikira anali atazizira.

"Achimwene, palibe njira ina yoti onse apulumuke?"

Ndinamuuza kuti afunse anzake a paulendo, amve aliyense. Anatha pafupifupi theka la ola akuwerenga mayankho, kubwerera, kuwerenganso. Mu Origins munthu wako salankhula mokweza. Umaona ziganizo zonse zolembedwa, n'kusankha chimene ukufuna kunena, ndipo gemu imakudikira mpaka utakonzeka. Kwa ife amene Chingerezi tinachiphunzira kusukulu, zimenezi n'zothandiza kwambiri, makamaka ukayatsa mawu olembedwa pansi. M'magemu otsatirawo amangokuonetsa mawu awiri atatu ofupikitsa, ndipo nthawi zina munthu wako amanena zosiyana ndi zimene umaganiza.

Anzako a paulendo nawonso ndi anthu enieni. Alistair ndi wanthabwala koma akubisa nkhawa yaikulu. Morrigan, wamatsenga wokulira m'tchire, sakunyengerera, ndipo ukathandiza anthu mwaulere amakuuza kuti ukutaya nthawi. Leliana ndi wopemphera wokhala ndi mbiri imene sakonda kuikamba. Palinso galu wankhondo amene umamupatsa dzina wekha. Morrigan ndi Leliana mudzawapezanso mu Inquisition, ndipo Morrigan amaonekanso mu Veilguard. Kuwaona atakula, atasintha, ndi chisangalalo chimene woyamba ndi gemu yatsopano sangachilawe.

Zovuta zake sindizibisa. Nkhope zake n'zouma poyerekeza ndi za masiku ano, ndipo dziko lake ndi lamtundu wa dothi, losawala. Kumenyana kwake n'kochedwa ndipo kumafuna kuganiza. Umaimitsa nkhondo podina batani lalitali la pansi pa kiyibodi, n'kuuza aliyense mwa anthu ako anayi pomwe aime ndi chimene achite, kenako n'kuipitiriza. Amene akufuna kungodina mabatani mwachangu amafa kangapo asanazolowere. Pali madera ena, monga ulendo wa mu Fade ku nsanja ya amatsenga ndi misewu ya pansi pa nthaka yotchedwa Deep Roads, amene amatalika mpaka kutopetsa. Pa kompyuta za masiku ano imakondanso kudzitsekera yokha, makamaka mumzinda wa Denerim, chifukwa inapangidwa nthawi imene magemu sankatha kugwiritsa ntchito RAM yambiri. Kuchepetsa kukongola kwa zithunzi kumathandiza. Ndipo zolowerani kudina F5 pafupipafupi kuti museve, chifukwa batire ya laputopu yakale siidikira magetsi akazima. Mng'ono wanga anataya ola lathunthu la masewera tsiku lina asanaphunzire zimenezi.

Koma pa makina ndi pomwe imapambana zonse. Imafuna malo pafupifupi 20 GB, gawo limodzi mwa magawo asanu a Veilguard. Laputopu ya RAM ya 4 GB imaikwanitsa. Iliponso pa PS3 ndi Xbox 360 kwa amene akadali nazo. Ultimate Edition yake, imene ili ndi zowonjezera zonse kuphatikizapo Awakening, imagulitsidwanso pa GOG, sitolo ya magemu ya pa intaneti, kumene ukagula umatsitsa mafayilo oikira gemu n'kuwasunga pa fulashi, osafunanso intaneti.

Za Dragon Age II

Palibe amene ndingamuuze kuti ayambe ndi imeneyi, koma musailumphe ngati mwamaliza Origins. Inatuluka patangopita miyezi 16, ndipo changucho chimaoneka: phanga limodzi lomwelo umalilowa kambirimbiri atangotseka khomo lina n'kutsegula lina. Koma nkhani yake ndi yapafupi ndi mtima. Hawke, munthu amene umamusewera, amathawa nkhondo ndi mayi ake ndi abale ake, n'kukafika ku mzinda wa Kirkwall kumene othawa kwawo amawatsekera kunja kwa chipata. Ndinkaisewera ndikukumbukira zimene amayi amakamba za anthu amene ankadutsa pa Muloza m'zaka za m'ma 1980 pothawa nkhondo ya ku Mozambique, atasenza mitolo, osadziwa kogona. Nkhaniyi imatenga zaka zingapo mumzinda umodzi, amene akuifotokoza ndi Varric, ndipo mkangano wa amatsenga ndi owayang'anira umene umaphulika kumapeto ndiwo umatsegula Inquisition. Ndi yaifupi, ndi yopepuka pa makina, ndipo imatenga zosankha zanu za mu Origins ngati sevu ili pa kompyuta yomweyo.

Kulowera pakati, pa Inquisition

Ngati nthawi ikuchepa, kapena mwayesa Origins kwa maola angapo n'kupeza kuti kuchedwa kwake sikukugwirizana nanu, njira yachiwiri yabwino ndi iyi. Veilguard kwenikweni ndi kupitiriza kwa Inquisition, ndipo zinthu zitatu zija zimene imafunsa zikuchokera muno. Ukasewera iyi wamudziwa Solas, wamudziwa Varric, wamudziwa Harding, ndipo ukadzafika pabwalo lija udzakhala kuti mlandu unaumva kuyambira kwa mboni zake.

Inapambana mphoto ya gemu ya chaka pa The Game Awards mu 2014, ndipo mpaka pano imaonekabe bwino. Umayamba ngati mkaidi amene akumuganizira kuti ndiye wang'amba thambo, chifukwa padzanja pako pali chizindikiro chowala chimene chingatseke ming'alu yotulukira ziwanda. Pang'onopang'ono umakhala mtsogoleri wa gulu lalikulu, ndi linga lako la Skyhold pamwamba pa mapiri, kumene umaweruza milandu utakhala pampando. Kumenyana kwake kuli pakati: ukhoza kuimitsa n'kulamula aliyense ngati mu Origins, kapena kungomenya mwachangu.

Pali misampha iwiri. Woyamba ndi dera la Hinterlands, loyamba kutsegulidwa. Ndi lalikulu, lodzaza ndi tintchito ting'onoting'ono monga kusaka nyama ya nkhosa ndi kutola zinthu zotayika, ndipo alendo ambiri amaganiza kuti ayenera kumaliza zonse asanapitirire. Amatopa n'kuisiya gemu asanaone ubwino wake. Mukangopeza mphamvu zokwanira kuti nkhani yaikulu ipitirire, chokaniko. Wachiwiri ndi wofunika kwambiri: mapeto enieni a Inquisition sali mu gemu imene inatuluka mu 2014. Ali m'chowonjezera chotchedwa Trespasser cha mu 2015, ndipo ndi chimenechi chimene chimalumikiza nkhani ndi Veilguard. Trespasser inatuluka pa kompyuta, PS4 ndi Xbox One zokha. Pa PS3 ndi Xbox 360 palibe. Choncho mukamagula disiki yogwirapo kale ntchito ku Limbe, dziwani kuti mwina mudzafunikabe kugula chowonjezeracho padera. Pa kompyuta funani Game of the Year Edition, imene ili nazo zonse.

Pa makina ili pakatikati. Imafuna malo osachepera 26 GB ndi purosesa ya ma core anayi. Malaputopu ambiri a muofesi a ma core awiri amalephera nayo. Pa kompyuta imafunanso pulogalamu ya EA, kampani imene imaigulitsa, ndi intaneti poyamba. Kwa ambiri kuno njira yosavuta ndi PS4, poti zilipo zambiri kuposa PS5. Chinthu chimodzi chimene ndinachikonda: ntchito zimene umatuma alangizi ako patebulo la nkhondo zimawerengera nthawi yeniyeni, ngakhale gemu itazimitsidwa. Magetsi akazima madzulo, ukadzayatsa mawa umapeza atumiki ako abwerako.

Chimene mudzataya polowera pano ndi chakuti Hawke akadzaonekera, kapena Morrigan akadzatsika masitepe ku nyumba yachifumu ya ku Orlais, mudzangoona anthu atsopano. Gemu imakupatsani mbiri yokonzedwa kale ya zimene zinachitika m'mbuyo, ndipo imayenda bwinobwino.

Ena amati ingoonerani chidule pa YouTube kenako n'kuyamba Veilguard. Zimathandiza kudziwa mayina, ndipo kwa amene watsimikiza kuyamba ndi yatsopano ndi bwino kutero kusiyana ndi kulowa m'chimbulimbuli. Koma chidule chimakuuza zimene wina anasankha, osati zimene iwe ukanasankha, ndipo vidiyo ya ola limodzi imadyanso bandulo yake.

Magemu ena sali choncho

Zimene ndanenazi musazitenge ngati lamulo la magemu onse a nthano. Funso loyenera kufunsa pa mndandanda uliwonse ndi loti, kodi anthu omwewo akupitirira kuchokera ku gemu ina kupita ku inzake, kapena dziko lokha ndilo likupitirira?

The Elder Scrolls ya kampani ya Bethesda inayamba mu 1994, koma yambani ndi Skyrim ya mu 2011 osadandaula. Nkhani yake ikuchitika zaka 200 pambuyo pa Oblivion ya mu 2006, munthu wako ndi watsopano, ndipo zakale umangozipeza m'mabuku a m'gemumo ngati ukufuna kuwerenga. Skyrim yoyambirira ija imayenda pa makina ofooka, pamene Special Edition ya mu 2016 imafuna amphamvuko.

Final Fantasy inayamba ku Japan mu 1987 ndipo yafika pa nambala XVI, imene inatuluka mu 2023. Nambalayo isakuopseni. Iliyonse ili ndi dziko lake ndi anthu ake. Chenjerani ndi zokhazo zimene zikupitiriza inzake, monga X-2, kapena Rebirth ya mu 2024 imene ndi gawo lachiwiri la Final Fantasy VII Remake. Zisanu ndi imodzi zoyambirira zinakonzedwanso ndipo zilipo pa foni.

The Witcher ya CD Projekt Red ya ku Poland ndiyo imasokoneza anthu, chifukwa Geralt, munthu amene umamusewera, ndi yemweyo m'magemu onse atatu, a mu 2007, 2011 ndi 2015. Komabe ndimauza anthu kuti ayambe ndi yachitatu, Wild Hunt. Anthu awiri amene nkhani yake yatsamirapo, Ciri ndi Yennefer, amachokera m'mabuku a Andrzej Sapkowski ndipo m'magemu awiri oyamba sayenda nawe. Ngakhale amene anasewera zonse anakumana nawo koyamba mu yachitatu. Yoyamba ija ndi yolimba kuisewera lero.

Baldur's Gate 3 ya mu 2023 inapangidwa ndi Larian Studios ya ku Belgium, pamene ziwiri zoyamba, za mu 1998 ndi 2000, zinapangidwa ndi BioWare yomweyi. Papita zaka zoposa 100 m'nkhani yake, ndipo ngakhale Jaheira ndi Minsc a m'magemu akalewo amabwereranso, mlendo sasochera. Chotchinga ndi kukula kwake, pafupifupi 150 GB. Ziwiri zakalezo zilipo pa foni za Android kwa amene angapirire tizilembo ting'onoting'ono.

Kagulidwe kake kuno

Magemu akale amatsika mtengo kwambiri pa Steam, sitolo ina ya magemu ya pa intaneti, ndi GOG nthawi ya maselo, makamaka kumapeto kwa Juni ndi kumapeto kwa Disembala. Ndinadikira selo ya mu Juni kuti ndimugulire mng'ono wanga Origins. Kulipira kumafuna khadi la kubanki lololedwa kugula kunja, ndipo ndi kusowa kwa ndalama zakunja nthawi zina khadi limakana. Ambiri amapempha achibale a ku Joni kuti awagulire ngati mphatso, koma funsani kaye ngati mphatsoyo ingatsegulidwe kuno. Pa bandulo, ngati mnzanu ali kale ndi gemu yomweyo ya pa Steam, ndipo inunso mwaigula pa akaunti yanu, mukhoza kukopera mafayilo ake pa hard drive n'kuwaika m'foda ya Steam. Pulogalamuyo imawazindikira n'kungotsitsa zochepa zimene zikusowa. Magemu a pa fulashi ogulitsidwa m'misika, amene anathyoledwa, nthawi zambiri amabwera ndi mavairasi, ndipo ndaonapo laputopu ya mnzanga itataya zonse za kusukulu chifukwa cha zimenezo.

Mng'ono wanga anabwerera ku Luchenza ndi Origins m'laputopu mwake. Sabata yatha anandiimbira usiku ali ku Orzammar, mzinda wa ma dwarf, kumene mfumu yamwalira ndipo anthu awiri akulimbirana mpando. Harrowmont ndi waulemu ndi wofatsa koma akufuna zonse zikhale monga kale, osauka akhalebe pansi. Bhelen ndi wankhanza, anthu akumunena za imfa ya abale ake, koma akufuna kutsegula zipata kwa opanda mtundu. Munthu wa mng'ono wanga ndi dwarf wopanda mtundu, ndipo mlongo wa munthuyo ali m'nyumba ya Bhelen.

"Zikufanana ndi za ufumu wa kwa agogo zija, achimwene. Inu munasankha ndani?"

Sindinamuuze. Anati aseva kawiri, agone kaye, adzasankha mawa akaweruka kuntchito.